Kandege Kakagwa, Mmisiri Amatola Zidutswa

Loweruka lina m'nyengo yachisanu, pamene ndidali kucheza kwa mphwanga amene agwira ntchito ku Johannesburg, iye adanditengera kubwalo lina la kapinga wometedwa bwino kunja kwa mzindawo, kumene abambo achikulire, anyamata ndi amayi owerengeka amasonkhana kudzaulutsa tindege topanga okha, timene amatiwongolera ali chiimire pansi, atagwira kabokosi ka wailesi kokhala ndi timitengo tiwiri tokankha ndi zala. Mwa tindege tonse timene tidali pamenepo, maso anga adakodwa ndi kamodzi kachikasu ka mapiko osanjikiza, kamene mwini wake, bambo wa imvi mutu wonse, adakapanga motsanzira Tiger Moth, ndege ija imene idayamba kuuluka m'chaka cha 1931 ndi kuphunzitsa oyendetsa ndege ambirimbiri pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ena a iwo ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia komwe. Ndege yeniyeniyo mapiko ake amatambasuka pafupifupi mamita 9. Kameneka kadali gawo limodzi la magawo anayi, ndiye kuti mamita awiri ndi pang'ono, koma kadali nazo zonse, timawaya tokunga mapiko, timipando tiwiri, ngakhalenso kachidole kovala magalasi kokhala pampando wakumbuyo, pakuti woyendetsa Tiger Moth akakhala yekha malo ake ndi kumbuyo.

Kadanyamuka bwino, nikazungulira bwalo kangapo mofatsa ngati kakowa wobwerera kogona. Koma pobwera kudzatera, bamboyo adakachepetsa liwiro mopitiriza muyeso kali mkati mokhota, ndipo phiko lamanzere lidagwa mwadzidzidzi, mphuno n'kuloza pansi, injini n'kuti zii. Chimene chidachitika pambuyo pake ndicho chandigwiritsa cholembera lero. Bamboyo adaika wailesi pansi, natenga thumba limene lidali kale m'bokosi lake la zipangizo, nayenda kunka kumene kandege kadagwera, anzake atatu akumutsata mwakachetechete monga anthu okapepesa. Atafika adagwada nayamba kutola zidutswa chimodzichimodzi, ndipo mnyamata wina atatola zikuluzikulu zokha n'kufuna kubwerera, adamuitana nati, "Mwana wanga, bwerera utole ndi tating'ono tomwe, kachibenthu kamene ukasiye m'udzumu ndiko kakadandiuza m'mene nthiti idakhalira."

Ambiri a ife tikamva kuti munthu wamkulu, wa zidzukulu, amatha miyezi akumata timitengo kuti apange ndege yosakwera munthu, timapukusa mutu n'kunena kuti chuma chikachuluka chimabwezera munthu ku ubwana. Ndithudi pali ena amene amangogula kandege kopangiratu, kakasweka n'kugula kena, ndipo za iwowo ndilibe mawu. Koma ntchito ya amene amadzipangira, nadziulutsira, nadzikonzera, ndi sukulu ya umisiri woona, yophunzitsa munthu kuyeza asanadule ndi kubwezeretsa chimene chasweka. Ndipo ndinena mosapsatira kuti sukulu yotere ikufunika kwathu kuno koposa kumene ndidakaiona.

Tiyambe ndi kapangidwe. Mmisiri amayala pulani pathabwa losalala, naiphimba ndi pepala loonekera kuti guluu asaimate, ndipo amadula nthiti za phiko imodziimodzi kuchokera ku timatabwa topyapyala ta mtengo wotchedwa balsa, umene wambiri umachokera ku Ecuador, mtengo wopepuka kotero kuti munthu wakwathu akaunyamula amakumbuka chiwale. Nthitizo amazindandalika pa mtanda wa phiko monga womanga denga andandalika mapaso, nazigwiritsa ndi mapini kufikira guluu atauma; ndipo iliyonse iyenera kukhota pamsana mofanana ndi inzake, chifukwa kukhota kumeneko, pamodzi ndi kupendekeka kwa phiko, ndiko kumakankhira mphepo pansi kuti ndege ikwere. Chigobacho chikatha amachiveka nsalu yopyapyala, kapena pulasitiki imene imakungika ikasitidwa ndi simbi yotentha pang'ono. Asaganize wina kuti balsa ndi mtengo wa zidole zokha, pakuti thunthu la Mosquito, ndege yankhondo ya ku Britain imene idayamba kuuluka m'chaka cha 1940 ndipo idali imodzi mwa zothamanga kwambiri m'masiku ake, lidapangidwa ndi balsa wopanikizidwa pakati pa matabwa opyapyala.

Amene afika pa msinkhu wopikisana ndi anzawo a m'maiko ena amatsata malamulo a bungwe la FAI, lokhazikitsidwa ku Paris m'chaka cha 1905, limene lidaika tindege totsanzira ndege zenizeni toyendera wailesi m'gulu lotchedwa F4C. Kumeneko oweruza amayamba kukayang'ana kali pansi, atagwira zithunzi ndi zojambula za ndege imene katsanzirayo, nafananiza maonekedwe, mtundu wa utoto ndi zilembo. Akatero ndi pamene kamaloledwa kukwera m'mwamba, ndipo kayenera kuuluka monga iulukira ndege imene katengera dzina, kotero kuti Tiger Moth yothamanga ngati jeti imataya malikisi ngakhale ikongole chotani. Lamulo limeneli ndilikonda, chifukwa likaniza chikomekome cha mkuyu.

Komatu woweruza woposa onsewa ndi mphepo, imene siyang'ana nkhope ya munthu ndipo silandira chiphuphu. Tonse tidakula tikuona anyamata akupinda mawaya kupanga magalimoto, ena a chiwongolero chachitali chofika m'chiuno ndi matayala odulidwa ku patapata wakutha, ndipo luso limeneli ndililemekeza ndi mtima wonse. Koma galimoto ya mawaya ndi yachifundo, pakuti ngakhale tayala lina likule kuposa linzake, ngakhale mbali ina ilemere, iyo imayendabe, mwini wake osadziwa kuti walakwa. Kandege sikatero ayi. Kali ndi malo amodzi kunsi kwa phiko, kawirikawiri pakati pa gawo limodzi la magawo anayi ndi gawo limodzi la magawo atatu a m'lifupi mwa phikolo kuyambira kutsogolo, pamene mmisiri akakanyamula pa nsonga za zala ziwiri kayenera kukhazikika osapendekera kumchira. Kakalemera kumphuno kamauluka mouma khosi ndipo kamafuna liwiro lalikulu potera; koma kakalemera kumchira, ngakhale ndi kulemera kwa ndalama zachitsulo zingapo, kamadzutsa mutu, n'kutayana ndi mphepo, n'kugwa, woyendetsa angakhale katswiri wotani. Mnyamata amene waona ndi maso ake ntchito ya milungu itatu ikuphwanyika chifukwa cha muyeso wonama sadzaiwala phunzirolo tsiku limene adzakhale akusakaniza simenti ya mlatho, kapena kuyeza mankhwala a wodwala.

Palinso chinsinsi cha masamu chimene kandege kamaphunzitsa popanda choko ndi bolodi. M'chaka cha 1878 Milton Wright, bishopu wa mpingo wina ku America, adabwera kunyumba ndi kachidole kouluka kopangidwa ndi nsungwi, pepala ndi mphira wopota, kotsanzira luso la Alphonse Pénaud wa ku France, amene m'chaka cha 1871 adaulutsa ku Paris kandege ka mphira mtunda wa mamita 40 m'masekondi 11. Ana ake awiri, Wilbur ndi Orville, adasewera nako mpaka kadasweka, ndipo kataswekapo adapanga kawokawo. Koma poyesa kupanga tokulirapo adapeza kuti kakakula ndi pamene kakanika kuuluka, osazindikira chifukwa chake. Chifukwacho n'chakuti chinthu ukachikulitsa kawiri m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu, phiko lake limakula kanayi pamene kulemera kwake kumakula kasanu ndi katatu, kotero kuti chimene chikwanira namzeze sichingakwanire nkhwazi. Anyamata omwewo, atakula nakhala okonza njinga mu mzinda wa Dayton, adayesa timapiko pafupifupi 200 m'bokosi lopemerera mphepo m'chaka cha 1901, ndipo pa 17 Disembala 1903 ndege yawo idanyamula munthu kwa masekondi 12 kufupi ndi Kitty Hawk. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo m'mera wa ndege zonse zimene zimatera pa Chileka ndi ku Lumbadzi udali kachidole kosweka kamene ana awiri adakana kukataya.

Wailesi idalowa m'ntchito ya tindege chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo mwa oyamba mudali mapasa a ku Kalamazoo, Walter ndi William Good, wina wodziwa tindege, mnzake wodziwa mawailesi, amene kandege kawo kotchedwa Guff kakusungidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Smithsonian kufikira lero. Masiku ano timitengo tiwiri ta pawailesi timalamula zinthu zinayi, ndizo mphamvu ya injini, timapiko takumapeto kwa mapiko topendeketsa ndege, chipsepse chakumchira chokweza ndi kutsitsa mphuno, ndi tsigiro lokhotetsa. Ndipo lamulo lililonse limafika kwa kamota kakang'ono kotchedwa servo, kamene kamakoka kapena kukankha waya wolumikiza. Chimene chagwetsa oyamba ambiri n'chakuti kandege kakamapita kutali, kumanja kwako ndi kumanja kwakenso, koma kakatembenuka kubwera kwa iwe, kumanja kwako kwasanduka kumanzere kwake, ndipo uli ndi kamphindi kochepa koti uiwale pamene waima n'kudziika pampando wa kachidole kaja. N'chifukwa chake m'magulu a ntchitoyi wophunzira kawirikawiri sayamba yekha: wailesi yake amailumikiza ndi ya mphunzitsi, amene amagwirizira kabatani ndi chala, ndipo akaona kuti zafika poipa amangokasiya, ulamuliro n'kubwerera kwa iye. Safunsa adadya phula. Kale, mawailesi asanasamukire pa 2.4 GHz m'zaka za m'ma 2000, anthu awiri akatsegula mawailesi a mafunde ofanana, wina ankagwetsa ndege ya mnzake asakufuna. Chotero pabwalo pankakhala thabwa la zopanira zovala, chopanira chimodzi pa mafunde amodzi, ndipo wopanda chopanira m'manja sankayenera kukhudza wailesi yake, monganso pabwalo la milandu munthu salankhula mnzake asanakhale pansi.

Tsopano ndibwerere ku thumba lija, pakuti mtima wa nkhani uli m'menemo. Walira mvula walira matope. Aliyense wofuna kuulutsa wavomereza kale kuti tsiku lina adzagwetsa, ndipo kusiyana kwa mmisiri ndi wongosewera kumaoneka tsiku limenelo. Bambo uja atabwera nazo zidutswa adaziyala patebulo, ndipo asanakhudze guluu adayamba wafuna chifukwa. Adatsegula wailesi, nasuntha timitengo kuti aone ngati servo iliyonse ikumvera; adayang'ana mawaya olumikiza ngati ena adaguluka kandege kasanagwe; adaletsa mnyamata uja kupukusa pulopela, popeza injini imene yadya dothi ukaizungulitsa usanaitsuke, mchenga umakanda m'kati mwake n'kuipha. Atatha zonsezi adaweramuka nauza anzake kuti, "Wailesi ilibe mlandu, injini ilibe mlandu, ndine ndidakachedwetsa pokhota." Mawu amenewa adandikhudza koposa kuuluka konse kumene ndidaona tsiku limenelo, chifukwa si kawirikawiri munthu wamkulu kuima pamaso pa anzake ndi pa mwana n'kudziweruza yekha, pamene akadatha kunamizira mphepo kapena wogulitsa batire. Koma iye adadziwa kuti wonamizira mphepo adzakonza phiko n'kukagwetsanso pamalo omwewo Loweruka lotsatira.

Kukonzako nako kuli ndi nzeru zimene munthu sangazipeze pa chinthu chatsopano. Mtanda wa phiko ukathyoka sauphatikiza mutu ndi mutu. Amadula mbali zonse mosendeza kuti guluu agwire malo aatali, naika timitengo tochirikiza uku ndi uku monga amangira fupa lothyoka. M'ming'alu ya balsa amadontheza guluu wamadzimadzi wouma msanga, amene amalowerera yekha m'mitsempha ya mtengo. Guluu wolemera wosakaniza mitundu iwiri amamusungira thabwa lonyamula injini ndi pomangira miyendo, pakuti dontho lililonse ndi katundu amene kandege kadzasenza moyo wake wonse. Injini zambiri za tindege zimamwa mafuta osakaniza ndi mafuta a nsatsi, nsatsi zomwe zija zimamera kuseri kwa khola osadzalidwa. Mafutawo amateteza injini ikatentha, koma akalowerera mu mtengo guluu sagwiranso, ndipo mmisiri ayenera kusema malo onse onona kufikira atapeza mtengo wouma. Akatha zonse amakanyamulanso pa zala ziwiri, chifukwa kukonza kumasuntha kulemera, ndipo kandege kokonzedwa ndi katsopano kofuna kuyesedwa ngati kasanaulukepo. Poona zimenezi ndidakumbuka woumba mbiya uja amene mneneri Yeremiya adatumidwa kukamuona, amene chiwiya chitaonongeka m'manja mwake sadataye dongo, koma adaumbanso. Patapita miyezi, mphwanga adanditumizira chithunzi pafoni: kandege kachikasu kali m'mwamba, ndipo pa phiko lakunsi lamanzere pali chigamba cha chikasu chosiyana pang'ono ndi chinzake.

Ngati wina afuna umboni wa kumene kupirira kotere kumafikitsa munthu, amve za Maynard Hill wa ku America, katswiri wa zitsulo amene adapanga tindege moyo wake wonse, ndipo atakalamba, maso atachita khungu ndi makutu atagontha, adatsimikiza mtima kuolotsa kandege nyanja ya Atlantic. Malamulo adati kasapitirire makilogalamu 5 pamodzi ndi mafuta ake omwe. Tindege titatu timene iye ndi anzake adatumiza m'chaka cha 2002 tidatayika m'nyanja, ndipo kachinayi kadatsata anzake mu Ogasiti 2003. Pamenepo panalibe ngakhale chibenthu choti atole, koma adatola chimene akadatha kutola, ndicho mauthenga amene tindegeto tidatumiza tisanazimirire. Kachisanu, kotchedwa TAM 5, kopangidwa ndi balsa ndi kukutidwa ndi pulasitiki, kadanyamuka ku Cape Spear ku Newfoundland pa 9 Ogasiti 2003, nikadziwongolera kokha pakati pa nyanja ndi makina otsata GPS, ndipo pa 11 Ogasiti, patatha maola 38 ndi mphindi 52, katayenda makilomita oposa 3,000, munthu wina dzina lake Dave Brown adakalandira ndi wailesi nakateretsa kufupi ndi Clifden ku Ireland, kali ndi mafuta osafika theka la kapu ya tiyi. Mwini wake adali ndi zaka 77, ndipo adamva za kutera kwake pa foni ali tsidya lina la nyanja.

Ndikudziwa chimene owerenga ena akunena m'mitima mwawo, ndipo sindichipeputsa. Akuti m'dziko limene makolo akusowa fizi ndi thumba la feteleza, kulankhula za tindege ndi kuseka amphawi. Wailesi, mota, batire ndi ma servo zonse n'zochokera kunja, ndipo ndalama zake zingadyetse banja masiku ambiri. Zoonadi, kandege ka bambo uja ka mamita awiri si ka mwana wa mlimi wa ku Mchinji, ndipo ndingachite manyazi kuuza kholo kuti ligulitse mbuzi chifukwa cha pulopela. Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene tiyenera kuiyang'ana ndi maso awiri. Mu Juni 2017 boma la Malawi pamodzi ndi UNICEF lidatsegula ku Kasungu dera loyeseramo ndege zopanda woyendetsa m'kati, zimene ambiri amazitcha ma drone, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la m'bomalo. Mu Novembala chaka chomwecho ophunzira a ku Malawi, mothandizana ndi aphunzitsi a ku yunivesite ya Virginia Tech, adapanga ndege yotchedwa EcoSoar, ya mapiko a timatabwa topepuka ta thovu louma lokutidwa ndi pepala, ndipo idauluka yokha makilomita 19 kuchokera pa chipatala chaching'ono cha Gogode kufika pa bwalo la ndege la Kasungu. Mu Januwale 2020 mu Lilongwe mudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, mogwirizana ndi yunivesite ya MUST. Tsono ndege zoterezi, zonyamula magazi okayezedwa ndi mankhwala, zojambula madera osefukira madzi, ndi tindege tomwe tija ta pabwalo la kapinga titavala yunifolomu ya ntchito. Phiko ndi lomwelo, servo ndi yomweyo, ndipo malo onyamulira pa zala ziwiri ndi omwewo.

Funso limene likundisautsa ndi ili: zikadzachuluka ndege zimenezi m'mlengalenga mwathu, ana athu adzakhala ongokanikiza mabatani, kapena adzakhala otha kutsegula thunthu n'kupeza chimene chavuta? Tonse tidaonapo mijigo yakufa pakati pa mudzi chifukwa cha kachitsulo kamodzi, mathirakitala omera udzu kuseri kwa maofesi, makina a mphatso ofundikidwa nsalu podikira mmisiri wochokera kutali. Mphatso zotere zimafa msanga chifukwa zidafika pakati pa anthu amene adaphunzitsidwa kugwiritsa ntchito, osaphunzitsidwa kuphwasula ndi kubwezeretsa; ndipo mtima wokonza suphunziridwa m'milungu khumi ya kosi munthu atamera kale ndevu, umaphunziridwa pa zinthu zazing'ono zimene mwana aloledwa kuziswa popanda kukwapulidwa. Ngakhale ku NASA, bungwe loona za maulendo a m'mlengalenga, pamene akuluakulu adakayika ngati chombo cha Space Shuttle chingaberekedwe pamsana pa ndege ya Boeing 747 ndi kumasulidwa m'mwamba, injiniya wina, John Kiker, adayamba waonetsa ndi tindege toyendera wailesi, ndipo m'chaka cha 1977 zenizenizo zidachitika. Nafenso tili ndi mboni yathu m'boma lomwe lija la Kasungu, William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene ali mnyamata wosiya sukulu chifukwa cha njala adawongola mapaipi apulasitiki pamoto napanga mapiko a makina ake a mphepo, anthu akumuyesa wamisala. Ndipo phiko la makina a mphepo ndi m'bale wake wa phiko la ndege, bere limodzi.

Sindingakhale wokhulupirika ndikabisa zoopsa zake. Pulopela yozungulira imadula chala ngati chikwanje, ndipo siioneka ikathamanga. Mabatire a lithium amene tindege tamagetsi timagwiritsa ntchito amayaka moto woopsa akabooledwa kapena akatchajidwa mopitirira muyeso, kotero kuti batire lotupa kapena lophwanyika pa ngozi siliyenera kulowanso m'nyumba, makamaka ya denga la udzu. Kandege sikayenera kuuluka pamwamba pa anthu, pafupi ndi mawaya a magetsi kapena kufupi ndi bwalo la ndege. Ku Britain ndi ku America malire a msinkhu ndi mamita pafupifupi 120, ndipo kwathu kuno woyamba ntchitoyi ayenera kufunsa a zoyendetsa ndege za malamulo ake asanaponye kanthu m'mwamba. Palinso ulemu wa kumudzi umene buku lochokera kunja silingaphunzitse. Pakati pa anthu amene adakula akumva za ndege za usiku zoyendera lichero, chinthu chouluka chopanda munthu chingadzutse mantha, ndipo mantha angapweteketse wosalakwa. Chotero wanzeru ayambe wakagwada kwa a mfumu ndi nduna zawo, awaonetse kandege kali pansi, atsegule thunthu kuti aone mawaya ndi batire, alole ana kukagwira, ndipo aulutse dzuwa lili pamutu anthu onse akuona. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mfumu imene yagwira kandege ndi manja ake idzakhala yoyamba kukateteza.

Chimene ndipempha n'chaching'ono. Ndipempha aphunzitsi aakulu kuti abwereke bwalo la mpira Loweruka m'mawa kwa mphunzitsi wa sayansi ndi ana ake; ndipempha amene adaphunzira za ma drone, ndi abale athu amene akukhala ku South Africa ndi ku Britain kumene magulu a tindege ndi ambiri, kuti wailesi yakale imene eni ake aisiya asailole kupita kudzala, pakuti wailesi imodzi ingatumikire tindege khumi tosinthana; ndipempha makolo kuti mwana akamasema chiwale madzulo atamaliza ntchito zake, asamulande mpeni. Ndipo poyamba sipafunika wailesi n'komwe. Pafunika chiwale chouma chosemedwa mopyapyala, kapena thovu louma loyera lija amatetezera nalo firiji m'katoni, kamtengo ka nsungwi ka thunthu, ulusi, guluu, rula, ndi msomali umodzi womangirira kumphuno ndi mphira. Mwana akwere pachulu m'mawa mphepo isanadzuke, aponye kandege kake molozetsa pansi pang'ono, mnzake awerenge mapazi kufika pamene kagwera, wachitatu alembe m'kope. Kakadzutsa mutu n'kugwa asunthire msomali kutsogolo, kakathamangira pansi aubweze kumbuyo ndi m'lifupi mwa chala, ndipo aponyenso. Phiko likathyoka, mphunzitsi awatume onse atatu kukatola zidutswa m'udzu, ndi tating'ono tomwe, ndipo asawapatse chiwale china kufikira atamuuza chifukwa chimene lathyokera pamenepo.